Kamkuwa ka m'Thumba la Kumanja

Loweruka, 3 Febuluwale

Madigiri asanu ndi anayi pansi pa ziro poliza galimoto. Chipale chatsopano, chofika m'kakolo.

Masewero atatu a mpira wa basiketi ku holo ya sukulu ya kumpoto. Atsikana osapitirira zaka khumi ndi zitatu. Curt, amene timayenera kuimbira limodzi, anatumiza uthenga 7 koloko: batire la galimoto lafa. Rhonda, wotigawira masewero, analibe wina womutumiza. Ndaimbira ndekha onse atatu. Maso awiri, ana khumi m'bwalo. Zaka zanga 66.

Oyamba awiri bwinobwino. Achitatu ndi amene ndikulembera.

Timu ya Akhwangwala, zovala zoyera, eni bwalo. Mimbulu, zabuluu, alendo. Kochi wa Akhwangwala ndi a Dale Kowalke, ogulitsa matayala kumsewu waukulu. Mawu ngati hutala ya lole. Anayamba mphindi yachiwiri. "A Mbidzi, wezuloyo ndi yongokongoletsera khosi?" Dzinalo ndi la malaya athu amizeremizere, ndinalizolowera kalekale. Kenako: "Madala, magalasi mwawasiya pa buku?" Chigawo chachiwiri anaponda mkati mwa bwalo akukuwa, ndinawapatsa chilango choyamba cha khalidwe. Ziwiri ndi kutuluka. Amadziwa.

Pa tebulo lolembera zigoli panali kholo latsopano, bambo Warsame. Mwana wawo ndi nambala 7 wa Akhwangwala. Munthu wofatsa, jekete la kuchipatala kumene amagwira ntchito likadali pathupi. Tisanayambe analoza muvi wa patebulo nati, "Ichi ine sindichidziwa, akulu." Ndinawafotokozera. Ana awiri akagwirira mpira limodzi osausiya, umapita ku timu imene muvi ukuloza, kenako muvi n'kutembenuzidwa kuti ulendo wina ukhale wa anzawo. Poyamba chigawo chatsopano chimodzimodzi. Kusinthana basi. Ndinawaonetsa kamkuwa kanga ka magalamu khumi, kotsala ku ntchito yanga yakale yoyesa masikelo. Kakakhala m'thumba la kumanja, mpira wotsatira ndi wa eni bwalo. La kumanzere, wa alendo. Ndinati asadandaule, muvi weniweni uli m'thumba mwanga. Kholo lililonse ndimaliuza zomwezo.

Masekondi 11 otsala. Akhwangwala 27, Mimbulu 28. Tessa, mwana wa a Kowalke, nambala 14, agwirira mpira ndi wabuluu wina pansi pa golo. Wezulo. Ndinayang'ana patebulo: muvi kwa Mimbulu. Ndinaloza komweko.

A Kowalke anachita kuuluka pampando. "Chigawo chino anayamba nawo ndi iwowa! Umenewo ndi wathu!" Tsiku lonse anali akukuwa, ndipo pa zinthu khumi ndi ziwiri zimene anadandaula, zoona mwina ziwiri. Ndinati muvi ndi uwo, khalani pansi. Anatukwana mayi anga, amene anamwalira mu 1998. Chilango chachiwiri. Kunja.

Mimbulu inaponya mipira iwiri ya chilango, umodzi unalowa. Mpira unakhalanso wawo, monga lamulo la chilango linenera. 29 kwa 27. Tessa sanalire. Anandigwira chanza ngati anzake onse, maso ali pa nsapato zanga.

Kunyumba 3 koloko. Zovala zonse m'dengu la zochapa, osaziyang'ananso. Supu wa m'chitini. Bondo la kumanzere latupa pang'ono. Masamba makumi awiri a buku la mbiri ya mawotchi, sindikukumbukapo kanthu.

Lamlungu, 4 Febuluwale

Lipoti latumizidwa 9:40. Ndime zinayi. Nthawi, zigoli, mawu enieni amene ananena. Ndime yachitatu ikutha ndi chiganizo ichi: mpira unali wa Mimbulu mwalamulo, kochi analakwitsa. Mulibe "ndikuganiza" ngakhale m'modzi. Zaka 31 ndikuyesa masikelo a m'masitolo ndi mapampu a petulo zinandiphunzitsa kuti wogulitsa aliyense amalumbira kuti sikelo yake ndi yabwino. Sukangana naye. Umaikapo mwala woyesera, n'kuwerenga.

Rhonda anaimba masana. Nkhani ziwiri.

Yoyamba: a Kowalke atulutsidwa kachiwiri chaka chino. Koyamba kanali mu Disembala, woimbira wina. Lamulo la ligi yathu: akatero, amaimitsidwa masewero otsala ndi chaka chamawa chonse. Chaka chamawa ndicho chomaliza cha Tessa mu ligi ino. Komiti idzakhala Lachinayi pa 15 kutsimikiza, potengera lipoti langa. Pakadali pano saloledwa kulowa m'holo.

Yachiwiri: masewero a chikho a pa 17 wandipatsa ine. Zaka 19 ndikuimbira, aka n'koyamba. Anati, "Alipo ena m'komitimu akuti mwakula, a Gordon, akuti tikupumitseni. Yankho langa ndi limeneli. Musandichititse manyazi."

Ndinafuna kuuza munthu. Ndinaima m'khitchini foni ili m'manja. Mkazi wanga Marlys akanati, "Bweretsani malayawo ndisite, mungakaoneke ngati mbidzi yogona kunja." Mu Epulo akwanitsa zaka ziwiri ali kumanda. Ndinaimbira mwana wathu Annika ku Tucson. Anali pamsewu ndi ana, anati aimbanso.

Ndawerengetsa anthu amene ndalankhula nawo sabata yathayi. Wa pasitolo. Rhonda. Annika, masekondi makumi anayi. Ana, makochi ndi makolo a Loweruka, pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Kuchotsapo Loweruka, atsala atatu.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Rhonda wanditumizira kalata ya dandaulo ya a Kowalke. Masamba atatu, zilembo zazikulu mbwee. Akuti ndimathamanga ngati filiji ikukankhidwa. Akuti ndinawada kuyambira 2019, chaka chimene sindikudziwa kuti kunachitika chiyani. Akuti wezulo yanga imalira kumbali imodzi ngati tambala wa mnansi. Pakati pa zonsezi pali mfundo imodzi yokha yoti n'kuyesa: kuti Mimbulu ndiyo inayamba ndi mpira chigawo chachinayi, ndiye muvi unayenera kukhala utatembenukira kwa iwo.

Ndayesa.

Buku la zigoli: bambo Warsame sanalembe za muvi. Makolo ambiri salemba. Kanema: mayi wina wa Mimbulu anajambula pafoni mphindi ziwiri zomaliza zokha. Ndamuonera kasanu. Muvi ukuoneka bwino kumbuyo kwa mutu wa mwana wina, ukuloza kwa Mimbulu. Umboni wooneka ndi umenewo, ndipo uli mbali yanga.

Kodi ndikukumbuka amene anayamba chigawo chachinayi? Ayi. Masewero atatu, zigawo khumi ndi ziwiri, ndili ndekha. Zimasakanikirana. N'chifukwa chake pali muvi.

Ndayankha Rhonda mizere iwiri. Anati, "Ndinadziwa. Musavutike nawo a matayalawo."

Ndachotsa chipale panjira ya galimoto, mphindi makumi atatu ndi zisanu. Mnansi wa kutsidya anakweza dzanja pawindo. Ndinakweza langa.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Palibe waimba. Masamba makumi anayi ndi asanu. Wotchi ina yakale ya panyanja inkataya sekondi imodzi pa tsiku, ndipo oyendetsa sitima ankaikhulupirira chifukwa ankadziwa kuchuluka kwa kunama kwake.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Kuchapa.

Ndimakonzeratu chikwama cha Loweruka Lachinayi. Wezulo ziwiri, malaya, nsapato zakuda. Kamkuwa kunalibe m'kathumba kake. Ndinafuna pagome, m'galimoto, pansi pa mpando. Kenako ndinakumbukira thalauza la m'dengu. Marlys ndiye ankapisa m'matumba asanachape. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sindinapisepo thumba langa, ndipo mpaka lero ndimaiwala.

Ndinalitukula thalauzalo ndi lamba, monga munthu alivalira. Dzanja linapita lokha kumanzere. Munalibe kanthu.

Kanali kumanja.

Ndinakhala pa makwerero a kuchipinda chochapira, thalauza lili pamaondo. Makina anadzaza madzi, anachapa matawulo, anafinya. Ndinali pompo.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Mwandondomeko, ngati sikelo ya munthu wina.

Kumanja ndi eni bwalo. Eni bwalo anali Akhwangwala.

Kamkuwa ndimakasuntha mpira wa muvi ukaponyedwa m'bwalo, osati usanaponyedwe. Pa masekondi 11 aja mpira wa muvi sunaponyedwe n'komwe. Chilango chinalowerera, ndipo Mimbulu inapeza mpira chifukwa cha chilangocho. Sindinagwire thumba. Anali masewero omaliza a tsikulo. Choncho pamene ndakapeza dzulo ndi pamene kanali ndikuliza wezulo ija.

Zotsutsa:

Mwina ndinaiwala kukasuntha penapake m'mbuyomo. N'zotheka. Pa zaka 19 ndadzigwirapo kawiri. Koma a Kowalke, osadziwa za thumba langa, ananena zofanana ndendende ndi zimene thumbalo likunena. Masikelo awiri akagwirizana, yokayikitsa ndi yachitatuyo. Yachitatu pano ndi muvi umene unali m'manja mwa munthu amene anandiuza yekha kuti saudziwa.

Mwina kanasuntha m'dengu. Ayi. Mkuwa suyenda.

Kutukwana ndi kutukwana, kaya munthu akunena zoona kapena ayi. Izi n'zoona, ndipo ndakhala ndikuzibwereza tsiku lonse ngati nyimbo. Koma sizichotsa chiganizo chomaliza cha ndime yachitatu.

Ndiye zinayenda motere. Mimbulu inayamba chigawo chachinayi. Ine ndinasuntha kamkuwa, osacheuka kuona ngati patebulo atembenuza. Pofika masekondi 11 ndinayang'ana muvi, osapisa m'thumba, chifukwa amene ankakuwa anali a Kowalke, ndipo ndinali nditaweruza kale kuti chilichonse chotuluka pakamwa pawo n'cholakwika. Wamisala anaona nkhondo.

Akhwangwala akanakhala ndi mpira pansi pa golo, masekondi 11, atatsalira ndi chigoli chimodzi. Akanamwetsa kapena ayi, palibe angadziwe.

Amene akudziwa za thumbali: ine.

Nkhuku ya dzana, yotenthetsa. Wailesi ndinazimitsa.

Loweruka, 10 Febuluwale

Masewero anayi, holo yomweyo, ine ndi Curt. Batire latsopano, wauza aliyense mtengo wake.

Dzanja silinachoke m'thumba. Kamtsikana kena ka zaka khumi, kakudikira kuponya mpira, kanati, "A refu, m'thumbamo muli maswiti? Tigawireniko." Ndinaseka. Kuseka koyamba sabata ino, ndawerengetsa.

Pa khomo mayi wogulitsa khofi amadziwa kuti ine shuga ayi. Woyang'anira holo amanditchula "a Vesely" n'kunditsegulira kachipinda kovalira kamene kali ndi mpando wabwino. Makolo awiri anandiyamikira za chikho. Ndikulemba izi kuti zioneke papepala, kuti ndidziwe chimene chili pa sikelo.

Akhwangwala anasewera bwalo linalo. Pampando wa kochi panali mayi wina atagwira foni, akuwerengera ana malangizo. Anagonja ndi zigoli khumi ndi zinayi. Tessa anaponya kutali katatu osafika n'komwe pa golo.

Bambo Warsame sanali patebulo. Anaima pakhomo, jekete lomwe lija. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Akuti pa gulu la mauthenga la makolo a timu yawo ena akuti iwo ndiwo anadyetsa timu. Wina analemba kuti tebulo si malo ophunzirira kuwerenga. Mwana wawo sakufunanso kuti azibwera. Ananena zonsezi mosakweza mawu, ngati akuwerenga zotsatira za magazi a munthu wina. Kenako anati, "Paja munati muvi weniweni uli m'thumba mwanu, akulu. Unkati chiyani umenewo?"

Ndinati kanema akuonetsa bwino kumene muvi unkaloza.

Chiganizo choona. Liwu lililonse loona. Anagwedeza mutu, nanditsegulira chitseko.

Kunja, kumapeto kwa malo oimika magalimoto, thiraki ya a Kowalke, injini ikulira, magalasi atachita nthunzi. Munthu wamkulu uja atawerama pa foni, akulemba ndi zala ziwiri. Sanandione. Ayenera kuti anakhala mmenemo masewero onse.

Lolemba, 12 Febuluwale

Annika waimba. Mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinamuuza nkhani yonse, thumba ndi zonse. Anati, "Adadi, ndi mpira wa ana umenewo. Pofika Epulo akhala atakumbukira ndani? Ndiponso munthuyo anatukwana agogo." Kumbuyo kwake ana akukanganirana china chake. Anafunsa ngati ndikudya bwino, ngati ndaganizira zogulitsa nyumba n'kusamukira kotentha. Ndinati ndikuganiza.

Akunena zoona pa chimodzi: ambiri adzaiwala. Osaiwala ndi atatu. Tessa, bambo Warsame, ndi munthu wa m'thiraki uja.

Ndikanena: chikho chapita. Rhonda achita manyazi pamaso pa anthu omwe anawakanira aja. Iwo apeza umboni umene ankafuna, ndipo ndiwapatsa ndine, wolembedwa bwino, wa ndime zinayi. Mwina chaka chamawa foni siilira. Pa chaka pali Loweruka 52. Ndi ligi ya nyengo yozizira ndi ya chilimwe, 31 mwa amenewo ndimakhala m'holo.

Ndikapanda kunena: palibe chimene chichitike kwa ine.

Ndakaika kamkuwa pagome la m'khitchini pafupi ndi mchere. Ndakabweza m'chikwama. Ndakatulutsanso.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Sitolo yadzaza maluwa ofiira. Marlys ankati tsiku limeneli analipeka ndi ogulitsa makadi, koma ndikapanda kubweretsa kanthu ankaphika chiwindi, chimene ndimadana nacho. Ndagula mkate ndi mazira.

Rhonda watumiza chithunzi cha pepala la ndondomeko ya chikho. Dzina langa lilipo, Vesely, zilembo zonse zolondola. Sizichitikachitika.

Ndakumbuka 1994. Miyala yathu yoyesera inkapita kulikulu kukayesedwa nayonso. Chaka chimenecho umodzi wanga unapezeka wopepuka. Pang'ono kwambiri. Bwana anati tingousintha mwakachetechete. Ndinatenga buku, ndinawerenga masitolo amene ndinawalepheretsa ndi mwala umenewo miyezi isanu ndi itatu: khumi ndi anayi. Ndinabwerera konse. Wogulitsa nyama wina ananditukwana kuposa a Kowalke, ndipo anali ndi chikwanje m'manja. Madzulo Marlys anangoti, "Ndiye mwatha? Sambani, chakudya chikuzizira."

Nthawi imeneyo kunyumba kunali wondidikira. Kusiyana kwake n'komweko, ndipo si mfundo. Mwala wopepuka ndi wopepuka ngakhale m'nyumba mulibe munthu.

Ndasita malaya oyera. Kolala yapsa pang'ono kumbuyo.

Lachinayi, 15 Febuluwale

6 koloko madzulo, kachipinda ka pansi pa laibulale. Akomiti asanu, Rhonda, ine, a Kowalke atavala tayi yothina ngati ya ukwati wa mchimwene wawo. Bambo Warsame anaitanidwa ngati mboni, anakhala pafupi ndi chitseko.

Mayi wapampando anawerenga lipoti langa, nafunsa mwamwambo chabe ngati pali choonjezera. Anali atatembenuza kale tsamba.

Ndinati pali chochotsa. Ndinaika kamkuwa patebulo. Ndinafotokoza monga ndinalembera Lachisanu, mfundo ndi mfundo, zotsutsa zomwe. Mphindi zinayi. Ndinanenanso tsiku limene ndinakapeza, pa 8, ndi kuti lero ndi pa 15. Sanandifunse zimenezo, koma ndi mbali ya muyeso. Ndinati bambo Warsame anandiuza poyambirira kuti muvi saudziwa, ndipo ndinawauza kuti udindo ndi wanga. Unalidi wanga.

Paipi ya madzi otentha ikugogoda m'khoma.

A Kowalke ndiwo anayamba. "Ndiye ndimanena zoona? Ine? Lembani zimenezo, mayi, ndikapachike kusitolo!" Ndinati pa za mpira ankanena zoona, pa za mayi anga ayi. Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Kowalke anafiira mpaka m'makutu. Anati, "Mawu aja anali oipa, madala. Ndikuvomera." Kenako mkwiyo unabwereranso: "Sabata yathunthu! Mwana wanga wakhala akuganiza kuti bambo ake ndi wamisala, inu kachitsulo kali phee m'khitchini!" Panalibe cholakwika m'chiganizo chimenecho.

Anatitulutsa mphindi makumi awiri. M'khonde tinaima atatu, aliyense akuwerenga zidziwitso za pakhoma. Kalasi yoluka, Lachiwiri. Bambo Warsame anandiyandikira nati, "Loweruka lija ndinadziwa kuti simunayankhe funso langa." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Lero mwayankha."

Chigamulo: kutulutsidwa kwa a Kowalke kukhalabe m'buku chifukwa cha kutukwana, koma chilango chikhale masewero amene aphonya kale. Abwerera pampando Loweruka, ndipo chaka chamawa ali ndi timu yawo. Zotsatira za masewero sizisintha, lamulo silola. Kalata ipita kwa makolo yoyeretsa bambo Warsame.

Rhonda ananditsatira kugalimoto wopanda chipewa. "Mukanandiimbira kaye, a Gordon. Ndakhala mmenemo ngati chitsiru." Zoona, sindinamuimbire. Ndinkaopa kuti andinyengerera, ndipo ndikanalola. Chikho apatsa Curt ndi mnyamata wina wa ku Owatonna. Za m'tsogolo anati, "Tidzakambirana." Mawu amenewa ndawamvapo akuuzidwa anthu ena. Sindikumbuka amene anakambirana nawo.

Ndazindikira ndili kunyumba kuti kamkuwa ndakasiya patebulo paja.

Loweruka, 17 Febuluwale

Maso anatseguka 5 koloko monga mwa Loweruka lililonse. Chikwama chili pakhomo, chokonzedwa kuyambira Lachinayi. Khofi. Ndinawerenga tsamba limodzi katatu. 8 koloko ndinavala juzi wamba n'kuliza galimoto, ndikudziuza kuti ndikukagula mchere wosungunulira chipale panjira. Sitolo yake ili kumwera. Ndinakhotera kumpoto.

Ndinalipira pakhomo ngati kholo. Mayi wa khofi anandiyang'ana juzi, osafunsa kanthu, shuga sanathire. Ndinakhala pamwamba penipeni, pakona. Kuchokera kumeneko bwalo limaoneka laling'ono, ndipo zonse zimaoneka zosavuta kuimbira.

Chikho chinali cha 12 koloko. M'mawa munali masewero olimbirana malo achisanu, Akhwangwala ndi timu ya kumidzi ya kumadzulo. Patebulo, bambo Warsame, okha. Anandiona, nakweza muvi m'mwamba ngati munthu wagwira njoka kumchira. Ndinapukusa mutu. Anaukwezanso. Makolo anayamba kucheuka. Ndinatsika.

Anati, "Ine buku ndi wotchi. Ichi ndi chanu, akulu. Sindichigwiranso mpaka kufa."

A Kowalke anabwera kudzalembetsa maina a ana. Analemba onse khumi osandiyang'ana. Kenako anapisa m'thumba la jekete, naika kamkuwa pafupi ndi muvi, kuti gu. "Munaiwala ubongo wanu ku laibulale, a Mbidzi." Ndinathokoza. Anati, "Musathokoze. Ndikadali nanu mawu, koma ndalonjeza mwana kuti lero ndine m'busa." Ubusa wawo unatha mphindi zitatu. Woimbira wa lero, mtsikana wa kukoleji, anandiyang'ana kamodzi ndi maso ofunsa. Ndinayang'ana muvi wanga.

Ndinautembenuza kasanu ndi kanayi. Nthawi iliyonse kamkuwa kusamuka thumba, ndipo nthawi iliyonse ziwirizi zinagwirizana. Akhwangwala anapambana 22 kwa 19. Tessa zigoli zisanu ndi chimodzi. Ana sagwira chanza a patebulo, ndipo iyenso sanagwire. Podutsa anangoyang'ana kamkuwa m'dzanja langa nati, "Ndi kameneka?" Ndinati ndi kameneka. "Kakang'ono bwanji." Anathamangira anzake.

Chikho ndinaonera ndili patebulo pomwepo, chifukwa kholo loyenera kukhalapo silinabwere. Curt anaimbira bwino. Anaphonya kamodzi cholakwa choyenda mpira uli m'manja, chigawo chachitatu. Rhonda anadutsa kawiri. Kachiwiri anagogoda tebulo ndi chala, osaima. Sindikudziwa tanthauzo lake ndipo sindilemba zongoganizira.

Tikupinda mipando bambo Warsame anati ligi ya chilimwe iyamba pa 9 Malichi, 8 koloko m'mawa, ndipo timu iliyonse iyenera kubweretsa munthu wa patebulo. Makolo onse akuthawa. Palibe malipiro, palibe wezulo, pali khofi yekha. Anati akafika mochedwa kuchokera kuchipatala pamafunika wina wodziwa. Ndinati ndikaona kaye ngati ndilibe zina.

Kunyumba 3 koloko. Mchere sindinagule. Rhonda sanaimbe.

Ndatsegula kalendala ya pakhoma kuti ndione ngati ndilibe zina. Malichi yense mbee.

Ndalemba ndi pensulo. Kenako ndapita kukafuna cholembera cha inki.